Chipangizo cha m'nyumba chikafa: tikonzetse kapena tigule china?

Mwadzuka m'bandakucha kuti mutereke madzi oti ana asambe, ndiye phazi laponda m'madzi pakhomo la kukhitchini. Denga silikudontha, mpopi ndi wotseka. Madziwo akuchokera pansi pa firiji. Kutsegula chitseko, nkhuku ija munagula Loweruka yafewa kale, mafizesi amene mumagulitsa pageti pa sukulu asanduka madzi a shuga m'timapepala. Kababu ka m'kati kakuyaka bwinobwino, ndiye kuti magetsi alipo. Chimene chasowa ndi kung'ung'uza kuja munakuzolowera mpaka kuleka kukumva. Kuseri kwa firiji kuli zii.

Pofika nthawi ya tiyi mlandu wayamba. Abambo akuti, "Imeneyi yatopa, mayi. Tatayapo ndalama zokwanira. Tingopirira miyezi iwiri tigule ina." Amayi akuti, "Inu bambo, mitengo mwaiona koma? Ndalama yake muitenga kuti? Itanani mmisiri uja wa kumsika." Onse awiri ali ndi mfundo, koma akugamula mlandu umene sanaumve. Palibe mmodzi yemwe akudziwa chimene chafa.

Yambirani pakhoma

Tikamati "firiji yafa" kapena "ayironi yapsa" timayankhula ngati chipangizo ndi nkhuku, yoti ikafa yafa yonse. Sizili choncho. Chipangizo ndi tizigawo tambiri tolumikizana, ndipo kawirikawiri kamene kamafa ndi kamodzi, kena kaja kotchipa kuposa tonse. Kutsutsa galu n'kukumba, ndipo kukumbako kumayambira kunja kwa chipangizocho, pakhoma.

Lowetsani chaja cha foni m'soketi yomweyo. Ngati foni sikutchaja, vuto si la chipangizo. Masoketi ambiri a m'nyumba za lendi anatha kale m'kati, ndipo ekisitenshoni yotchipa imasungunuka mosaoneka. Kenako onani pulagi. Kuno ku Malawi timagwiritsa ntchito pulagi ya mano atatu a ngodyangodya, yofanana ndi ya ku Britain, ndipo m'kati mwake mumakhala kambiya kakang'ono kotchedwa fyuzi. Ntchito yake ndi kudzipereka nsembe: magetsi akachuluka kuposa muyeso, kawaya ka m'kati mwake kamaduka kuti chipangizo chipulumuke. Fyuzi ya zipangizo zazikulu imalembedwa 13A ndipo ndi yabulawuni. Ya zing'onozing'ono monga nyale imalembedwa 3A ndipo ndi yofiira. Mtengo wake sufika ngakhale pa buledi awiri. Komabe mukaika yatsopano n'kupsanso nthawi yomweyo, lekani. Ikukuuzani kuti m'kati muli mawaya amene akugundana.

Chachitatu ndi chingwe. Ayironi zambiri zimene zili pamwamba pa mawadilopu m'nyumba zathu ndi zamoyo. Chinaduka ndi waya m'kati mwa chingwe, pamalo pamene chimapindikapindika munthu akamasita, pafupi ndi chogwirira. Chizindikiro chake n'chakuti ayironi imayaka mukagwedeza chingwe, n'kuzima mukachisiya. Mmisiri amadula pamenepo, n'kulumikizanso, ntchito yosakwana theka la ola.

Zotenthetsa, zozungulira ndi zoganiza

Zipangizo za m'nyumba tingaziike m'magulu atatu, ndipo kudziwa gulu la chanu kumakupatsani kale theka la yankho.

Gulu loyamba ndi la zotenthetsa: kuka, hotipuleti, ketulo, ayironi, giza. Zonsezi mtima wake ndi umodzi, waya wolimba amene amafiira magetsi akamadutsamo movutikira. Amisiri amautchula kuti elementi. Pambali pake pamakhala kachipangizo kodula magetsi kutentha kukakwana, dzina lake themositati. Ndi kamene kamalira "thi" mu ayironi kagetsi kakamazima. Basi, mulibenso china chodabwitsa. N'chifukwa chake kuka ya mbale zinayi ndi uvuni ndi chinthu choti mungakhale nacho zaka makumi awiri. Mbale imodzi ikafa mumasintha mbaleyo, switchi ikatha mumasintha switchiyo, ndipo thupi lake lachitsulo likadali lomwelo. Kutaya kuka chifukwa cha mbale imodzi kuli ngati kugulitsa njinga chifukwa cha chubu chophulika.

Ketulo yapulasitiki ndi nkhani ina. Zambiri za masiku ano elementi yake anaimatira pansi pa mbale yachitsulo, yosachotseka. Ikapsa, palibe chokonza, ndipo ikayamba kudontha madzi pansi pomwe pali mawaya, musaimate ndi guluu. Imeneyo yatha basi.

Gulu lachiwiri ndi la zokhala ndi mota: fani, makina ochapira, bulenda, ndiponso firiji. Mota payokha imakhalitsa. Zimene zimafa msanga ndi zoithandiza. Fani imene ikungong'ung'uza osazungulira, koma mukaikankha ndi chala n'kuyamba, nthawi zambiri yafa kapasita, kabokosi kakang'ono kakuda kamene kamapatsa mota mphamvu yodzukira. Nthawi zina ndi fumbi chabe ndi kuuma kwa mafuta.

Gulu lachitatu ndi la zimene ndimati zoganiza: TV, dikoda, wailesi za masiku ano, makina ochapira a mabatani ongokhudza. M'kati mwake mumakhala bolodi, kathabwa kobiriwira kodzaza tizinthu ting'onoting'ono ngati nyerere. Apa kukonza kumadalira kwambiri ngati sipeya yake ikupezeka. TV yopyapyala imene mawu akumveka koma chithunzi chili bii ingakhale ndi vuto laling'ono: unikani ndi tochi pagalasi, ndipo mukaona zithunzi zikuyenda mozimiririka, ndiye kuti afa ndi magetsi ounikira kumbuyo kwa galasilo, amene amasinthika. Koma galasi lenilenilo likasweka, mwana ataliponyera mpira, mtengo wa lina umayandikira wa TV yatsopano. Pamenepo sipafunika kukambirana nthawi yaitali.

"Gasi watha, mayi"

Tibwerere ku firiji ija, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amatayira ndalama, ndipo ndi pamene pamanenedwa bodza lotchuka kwambiri.

Firiji sipanga kuzizira. Imachotsa kutentha m'kati n'kukakutaya kunja. Mukapaka sipiriti padzanja mumamva kuzizira pamene akuuma, chifukwa madzi aliwonse akamasanduka mpweya amatenga kutentha pamalo pamene ali. M'firiji muli timapaipi momwe mumayenda mankhwala ochita zomwezo mobwerezabwereza. Ndi amene timati gasi. Ali m'kati amasanduka mpweya n'kumeza kutentha kwa ndiwo zanu. Akatuluka kuseri, amapanikizidwa mpaka kusandukanso madzi, n'kutaya kutentha kuja. Ichi ndicho chifukwa chake kuseri kapena m'mbali mwa firiji mumafunda. Chopanikizacho ndi chimpira chakuda chachitsulo chili pansi kuseriko, kompuresa, mtima wa firiji ndiponso chigawo chodula kuposa zonse.

Tsono mvetsani ichi: gasi wa firiji satha ngati makala kapena petulo. Amangozungulira m'njira yotsekeka, chaka ndi chaka. Ngati wachepa, ndiye kuti penapake pabooka. Mmisiri amene akuti "gasi watha, tingothira wina" osafufuza pamene watulukira akukugulitsani madzi oti muthire m'ndowa yobooka.

Ine izi ndinaziphunzira ndi thumba langa. Chaka china ndinathiritsa gasi katatu. Mnyamata wothira gasiyo ankabwera ndi kabotolo kake panjinga, firiji n'kuzizira mwezi umodzi kapena iwiri, kenako zii. Ulendo wachinayi ndinaitana mdala wina amene mnzanga anandilozera. Anafika, n'kukana ngakhale mpando. Anakokera firiji pakati pa chipinda, n'kupempha kapu ya madzi ndi sopo wochapira mbale. Anatakasa mpaka thovu, n'kumapaka ndi chala pamfundo iliyonse pamene mapaipi alumikizana, atagwada, nkhope pafupi ndi chitsulo ngati akumvetsera. Pamfundo ina pafupi ndi kompuresa, thovu linayamba kutupa pang'onopang'ono, n'kuphulika, n'kutupanso. "Bwana, bwerani mudzaone ndalama zanu pamene zimatulukira," anatero. Anawotcherera pamenepo, anapopa mpweya wonse umene unalowa m'mapaipi, kenako ndiye anathira gasi. Firijiyo inatumikira zaka zina zingapo.

Kubooka kooneka ngati kumeneku n'koyenera kukonza. Koipa ndi kwa m'kati mwa khoma la firiji, momwe mapaipi anakwiriridwa mu siponji yolimba ija. Alipo amisiri amene amang'amba kumbuyo kapena kukulunga mapaipi atsopano m'kati, ndipo firiji imazizira ndithu, koma sibwereranso mwakale, ndipo imadya magetsi. Kubooka kwina timadzipangira tokha. Ayezi akaundana mufiriza, munthu amatenga mpeni kuti agobe, ndiye kumangomveka "fyuu". Musagobe. Zimitsani, ikanimo poto wa madzi ofunda, dikirani.

Nanga kompuresa ikangokhala chete? Khalani pansi kuseriko mumvetsere. Mukamva kung'ung'uza kwa kanthawi, kenako "thi", n'kukhala chete mphindi zingapo, n'kuyambiranso chimodzimodzi, ndiye kuti kompuresa ikuyesa kudzuka koma ikulephera. Kawirikawiri wolakwa ndi kachipangizo kakang'ono komatidwa m'mbali mwake kotchedwa rileyi, kamene kamaidzutsa. Mmisiri akakachotsa n'kukagwedeza, kakufa kamalira ngati muli timiyala. N'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi kompuresa. Choncho munthu akakuuzani kuti kompuresa yapsa asanayese rileyi ina, asanatulutse n'komwe mita yake yoyezera, mufunseni mwaulemu kuti wadziwa bwanji.

Palinso labala wa pachitseko. Panani pepala la ndalama pachitseko n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, mpweya wotentha ukulowa usana ndi usiku, kompuresa sikupuma, ndipo ayezi akuundana msanga. Labala amasinthika.

Funso lina lofunika ndi mtundu wa gasi, umene umalembedwa pa kompuresa kapena pa kapepala komata m'kati. Mafiriji akale kwambiri ankagwiritsa ntchito R12, amene anapezeka kuti amawononga mpweya wotiteteza ku dzuwa kumwamba. Pangano la ku Montreal la 1987 linachititsa kuti asiye kupangidwa, ndipo maiko ongotukuka kumene anapatsidwa mpaka 2010. Pambuyo pake kunabwera R134a, ndipo ambiri a masiku ano ndi a R600a, amene amayaka moto. Mitundu imeneyi sisakanizidwa. Firiji ya R12 imene kompuresa yafa yagwira ntchito yake, ilekeni ipume.

Masamu ake

Pali lamulo limene limatchulidwa kawirikawiri, lakuti ngati kukonza kukuposa theka la mtengo wa chatsopano, gulani chatsopano. Si loipa, koma linabadwira kumaiko kumene mmisiri amalipiritsa ndalama zambiri pa ola limodzi pomwe katundu m'sitolo ndi wotchipa. Kwathu zinthu zili chadodolido. Dzanja la mmisiri ndi lotchipa, mwinanso mopitirira muyeso, pomwe pafupifupi chipangizo chilichonse cha magetsi chimachokera kunja ndipo chimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi maperesenti 25 mu May 2022, ndiponso ndi maperesenti 44 mu November 2023, mitengo ya m'masitolo inalumpha. Tikangotsata lamulo la thekalo, pafupifupi chilichonse kuno chizioneka choyenera kukonzetsa, ngakhale chimene chikungodikira manda.

Funso labwino ndi ili: ndalama imene nditulutseyi ikundigulira miyezi ingati?

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, poti mitengo yeniyeni imasintha buku lisanaume inki. Firiji yatsopano tiiike pa K900,000, ndipo tinene kuti ikhala zaka 10, imene ili miyezi 120. Ndiye kuti mwezi uliwonse ikukudyerani K7,500. Yanu yakale ili ndi zaka 15, dzimbiri ladya kunsi, mashelefu anathyoka, ndipo mmisiri akuti kompuresa ina pamodzi ndi gasi ndi ntchito yake ndi K300,000. Mwa lamulo la theka, konzetsani, chifukwa ndi gawo limodzi chabe mwa magawo atatu. Koma ngati mapaipi ake odyekawo angapirire chaka chimodzi chokha, mwagula miyezi 12 pa K25,000 mwezi uliwonse. Mwalipira katatu kuposa yatsopano. Tsono sinthani chinthu chimodzi: firiji yomweyo, yokalamba chomwecho, koma chafa ndi rileyi, ndipo zonse zikukwana K30,000. Ngakhale itangokhala chaka chimodzi, ndi K2,500 pamwezi. Konzetsani lero lomwe.

Ndiye kuti ukalamba pawokha sugamula mlandu. Kukonza kotchipa n'koyenera ngakhale pa chipangizo chokalamba. Kukonza kodula kumafuna thupi limene likadali ndi moyo wautali. Kompuresa yatsopano m'firiji ya zaka zinayi ndi ndalama yoikidwa pabwino. M'firiji ya dzimbiri ndi suti yatsopano pa maliro.

Kumbukiraninso mbiri ya chipangizocho. Ngati aka n'koyamba kuvuta, chikhululukireni. Ngati n'kachitatu chaka chino, ndipo ulendo uliwonse chikufa china, ndiye kuti zigawo zonse zakalambira limodzi ndipo zikungosinthana. Anthu ambiri timakodwa apa ndi mawu akuti "ndatayapo kale zambiri, sindingaisiye." Ndalama zimene munataya kale sizibwerera, kaya mukonzetse kaya mugule china. Zoti muziganizire ndi zimene zikadali m'thumba.

Pali mtengo wina umene suoneka pa lisiti. Kwa mayi amene amagulitsa mafizesi, thobwa lozizira kapena nkhuku zosupula, tsiku lililonse limene firiji ili kwa mmisiri ndi phindu lotayika, ndipo makasitomala akazolowera khomo lina sabwerera msanga. Kwa iyeyo chipangizo chodalirika chili ndi mtengo woposa kwa munthu amene amangosungamo madzi akumwa.

Ndikudziwa kuti masamu onsewa amagwa pamaso pa mfundo imodzi: ndalama ya chatsopano palibe. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Kukonzetsa kuti mugule nthawi ndi nzeru, bola mukudziwa kuti mukugula nthawi. Uzani mmisiri achite zotchipa zoti zikufikitseni pamene mudzalandire chipereganyu kapena kugawana kwa banki mkhonde, ndipo tsiku limene firiji yayambanso kulira likhale tsiku loyamba kusunga. Chimene sindingalangize munthu ndi kutenga katapira chifukwa cha TV.

Zimene mita ikudziwa

Ogulitsa amakonda kunena kuti chatsopano chimasunga magetsi. Ndi zoona pa zipangizo zina zokha. Chipangizo chilichonse chimalembedwa mphamvu yake m'mawati, ndipo mawati 1,000 kwa ola limodzi ndiye yunitsi imodzi pa mita yanu ya ESCOM. Ketulo ya mawati 2,000 imadya yunitsi imodzi pa theka la ola, kaya ndi yakale kaya yangotuluka m'katoni. Kuwiritsa madzi kumafuna kutentha komweko. Choncho pa zotenthetsa musayembekezere kuti chatsopano chibweza ndalama yake pa mayunitsi.

Pa firiji ndi firiza kusiyana kulipo, chifukwa zimakhala zoyaka usana ndi usiku chaka chonse. Mungathe kuyeza nokha ngati muli ndi mita yolipiriratu. Usiku wina magetsi ali okhazikika, zimitsani zonse kusiya firiji, lembani mayunitsi pogona ndi podzuka, n'kuwerengera tsiku lonse, podziwa kuti masana imadya mopitirirako. Firiji ya pabanja yabwinobwino imadya cha m'ma yunitsi imodzi patsiku kapena kuposerapo pang'ono. Yanu ikamadya atatu kapena anayi, chulukitsani kusiyanako ndi masiku 365 muone mayunitsi amene mukutaya pachaka. Kwa amene ali pa sola, nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri, chifukwa firiji yadyera imapha mabatire, ndipo mabatire ndi odula.

Chinachipha n'chiyani?

Limeneli ndi funso limene timaliiwala tikamathamangira kusitolo. Chimene chapha chakale chikadali m'nyumbamo, chidzaphanso chatsopano.

Magetsi athu amayenera kubwera pa mavoti 230, ndipo ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kunakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku mpaka mu 2023. Kuzima kwenikweniko sikupha chipangizo. Choopsa ndi kubwera kwake, pamene magetsi amatha kulumpha kwa kanthawi kochepa n'kutentha bolodi, ndiponso magetsi ofooka aja amene babu imayaka ngati kandulo. Pa magetsi ofooka mota imakanika kudzuka, n'kumangotentha ili pomwepo mpaka mawaya ake apsa. Kompuresa imafunanso kupuma mphindi zisanu isanayambirenso. Magetsi akazima n'kubwera nthawi yomweyo, imakakamizika kukankha gasi amene akadali wopanikizika.

Mankhwala ake ndi kabokosi kotchedwa firiji gadi, kolowetsa pakati pa soketi ndi pulagi. Kamadula magetsi akakwera kapena kutsika mopitirira, n'kudikira mphindi zingapo asanawalole kulowanso. Ta TV tiliponso. Amene alibe, azolowere kuzula mapulagi magetsi akazima, ndiponso mvula ya mphenzi ikayamba, osaiwala chingwe cha eriyo kapena dishi.

Adani ena ndi a m'nyumba momwemo. Katundu wochokera ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano obulungira, kapena ya mano awiri, ndipo ife timaikakamiza m'soketi ndi kamtengo ka machesi kapena timaipachika pa adaputa yogwedera. Polumikizana mogwedera pamatentha. Dulani pulagiyo muikepo yoyenera, ya fyuzi. Mphemvu zimakonda kufunda kwa m'mabolodi, makoswe amatafuna mawaya a kuseri kwa kuka, ndipo firiji yopanikizidwa kukhoma, fumbi lili katakata kumapaipi, imakhala ikulimbana ndi kutentha kwake komwe.

Mmisiri ndi lisiti

Musanaitane aliyense, funani lisiti. Ngati chipangizo chikadali pa waranti, ndiye kuti pa lonjezo la wogulitsa loti adzakonza kapena kusintha chikawonongeka m'nthawi yoikika, musalole munthu wina kumasula ngakhale sikuluwu imodzi, chifukwa lonjezolo limathera pomwepo. Malisiti a makina aja amafufutika pakangopita miyezi, ndiye ajambuleni pafoni tsiku lomwe mwagula. Wogulitsa akamakuzembani, dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo madandaulo amalandiridwa ku Competition and Fair Trading Commission komanso ku bungwe la ogula la CAMA. Firiji imene mlamu wanu anakutumizirani pa thiraki kuchokera ku Johannesburg, waranti yake nthawi zambiri inatsala ku Johannesburg komweko.

Amisiri aluso alipo ambiri, ku Ndirande, ku Limbe, ku Malangalanga, ku Mzuzu, ena ophunzira m'makoleji a ntchito zamanja pansi pa TEVETA, ena ophunzira pambali pa amalume awo. Pepala limathandiza, koma ine ndimayang'ana kachitidwe. Wabwino amayeza asanatchule mtengo. Amakuuzani dzina la chimene chafa, n'kukuonetsani. Amasiyanitsa mtengo wa sipeya ndi wa ntchito yake, ndipo amanena poyera ngati sipeyayo ndi yatsopano kapena yochotsa m'chipangizo china chakufa. Yochotsa kwina si yoipa nthawi zonse, bola mudziwe ndipo mtengo ugwirizane. Amakubwezerani chakufacho. Ndipo amavomera kuti chikavutanso pa vuto lomwelo m'miyezi iwiri kapena itatu, abweranso osalipiritsa.

Ifenso tili ndi mlandu wathu. Timafuna kuti mmisiri ayende ulendo, amasule, ayeze, zonsezo kwaulere, ndipo alipidwe pokhapokha akakonza. Munthu wotero angakuuzeni bwanji kuti "mayi, iyi musatayepo ndalama"? Akatero abwerera chimanjamanja. Mulipireni ya kuyeza payokha, mugwirizane asanayambe. Mukatero mwagula chilungamo chake, ndipo mukhoza kukafunsanso wina ngati mtengo ndi waukulu. Safunsa anadya phula.

Mukaganiza zogula china, funsani kaye mmisiri yemweyo kuti ndi mitundu iti imene masipeya ake amapezeka. Amadziwa kuposa wa m'sitolo, poti ndiye amaona mitembo. Kudandaula kwakuti zinthu za masiku ano sizilimba ngati zakale si kwa agogo okha. Mu 1924 makampani akuluakulu opanga mababu, kuphatikizapo Osram ndi Philips, anapangana ku Geneva kuti babu isamayake kupitirira maola 1,000. Masiku ano njira yake ndi kumata ndi guluu m'malo mwa masikuluwu ndi kusagulitsa masipeya. Dziko la France mu 2021 linayamba kukakamiza ogulitsa zipangizo zina, monga mafoni ndi makina ochapira, kuonetsa malikisi a pa 10 osonyeza kuti chinthucho n'chokonzeka mosavuta bwanji. Kuno malikisi amenewo ali m'mutu mwa mmisiri wa pamsika. Za kaunjika nazo ziyeseni musanalipire: firiji iyake ola lathunthu inu muli pomwepo, mugwire mufiriza ndi dzanja lanu.

Pamene sipafunika masamu

Zina sizikambidwa pa mtengo. Chipangizo chimene chikugwira anthu shoko mukakhudza chitsulo chake, chimene chikununkha pulasitiki wopsa, kapena chimene pulagi yake yada ndi kusungunuka, chizulidwe pakhoma mpaka mmisiri achione, ngakhale chikugwirabe ntchito. Musalole kukonza kochotsa chitetezo: kukulunga waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi, kulumpha themositati ya giza kapena ya ayironi kuti izingoyaka, kudula waya wa ethi uja wobiriwira ndi chikasu. Nyumba zapsapo chifukwa cha zoterezi. Mayikurowevu ndi TV zachikale za chimsana musazitsegule nokha, chifukwa zimasunga magetsi oti n'kupha munthu ngakhale mutazizula pakhoma.

Chimene mwachiweruza kuti chatha sichinathe kwa aliyense. Mmisiri adzagula firiji yakufa chifukwa cha rileyi, themositati, mashelefu ndi chitseko. Anyamata ogula zitsulo amafuna kopa wa mu mota, ngakhale kuti kuotcha mawaya kuti achotse pulasitiki kumatulutsa utsi woipa umene suyenera kufukizidwa pakati pa nyumba za anthu. Thupi lake ambiri amalisandutsa kabati ya mbale kapena mosungira ufa kuti makoswe asafikemo. Mukaiika pakhonde kapena kuseri kwa nyumba kumene ana amasewera chibisalirano, yambani mwachotsa chitseko, makamaka cha firiza yogona ija ya chivundikiro cholemera ndi loko.